Laputopu ya Magemu Yafika ku Hatcliffe, Magetsi Akubwera M'mbuyo

Chaka chilichonse mu Januwale, opanga makompyuta amasonkhana ku Las Vegas pa chionetsero cha CES kukauza dziko lonse kuti zimene linagula chaka chatha zatha fasho. Mu 2025 mkulu wa kampani ya Nvidia, Jensen Huang, anakwera pansanja atavala jekete lake lachikopa n'kuonetsa mitengo ya malaputopu a magemu amene anali m'njira: ya RTX 5070 kuyambira madola 1,299, ya 5070 Ti madola 1,599, ya 5080 madola 2,199, ndipo tate wa onse, RTX 5090, madola 2,899. Ku Las Vegas anawomba m'manja. Ku Hatcliffe tinayamba tafunsana ngati magetsi abwera.

Kwa inu amene simunafikeko: mukakwera kombi pa Fourth Street mu Harare, mumadutsa Borrowdale, kuona Sam Levy's Village ndi mipanda italiitali ya anthu okhuta, n'kupitirira pa msewu wa ku Domboshava mpaka phula litayamba kuchita manyazi. Mwafika. Mwana wa kuno amaona chuma kawiri pa tsiku, popita ndi pobwerera, koma pawindo. Pakati pathu tilipo zidzukulu za machona, amene anabwera ndi Mthandizi kapena wapansi kudzera ku Tete kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu. Chichewa chathu chinalembedwa m'malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 ngati chimodzi mwa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma pakhomo chimatuluka bwino nthawi ziwiri zokha: pamaliro, ndi pokaniza mwana ndalama.

*

Mnyamata wina wa Fomu 4 anapita ndi foni kwa agogo ake aamuna, amene anali pakhonde akusoka nsapato.

"Agogo, taonani iyi. Madola 2,899 basi."

Agogo anailandira foni ija, kuitalikitsa, kuiyandikitsa, kuitembenuza. "Ili ndi matayala angati?"

"Ilibe matayala, agogo. Ndi laputopu."

"Imakoka madzi pamjigo?"

"Ayi."

"Imaswa?"

"Agogo, ndi yosewerera magemu."

Agogo anaika nsapato pansi. "Ine ndinanyamuka ku Dedza wapansi, kugona m'mitengo ku Tete kuopa mikango, kuti ndidzagwire ntchito. Iwe ukufuna ndalama yoti kungowonjezera pang'ono tagula Honda Fit, kuti uzisewera?"

Analowa m'nyumba. Kunamveka sutikesi yachitsulo ikulira, kenaka anatuluka ndi pepala limodzi limene linagona zaka zambiri m'kati mwa Baibulo: lija la madola 100 thililiyoni limene banki yaikulu ya Zimbabwe inatulutsa mu Januwale 2009.

"Gula ziwiri. Inayo upatse mlongo wako. Chenji ndikuifuna."

*

Chimene agogo sanauzidwe n'chakuti mitengo ija ndi ya pachipata chabe. Dzina limodzi, kaya Lenovo Legion, ASUS ROG Strix, Acer Nitro, HP Victus kapena MSI Katana, limakhala ndi mitundu ingapo kunsi kwake. Ina ili ndi RAM ya 16GB, inzake 32GB. Ina SSD ya 512GB, inzake 1TB. Sikirini ina imasintha chithunzi ka 144 pa sekondi, ina ka 165, ina ka 240. Ukangokweza chimodzi, mtengo nawo wadzuka. Ndipo 512GB imamveka yambiri kufikira tsiku limene waikamo Call of Duty, amene yekha angathe kumeza zoposa 100GB asanakupatse moni. Onjezani kuti mtengo wa ku America uja mulibe ndege, mulibe msonkho, mulibe lendi ya shopu ndiponso nkhomaliro ya wogulitsa.

Banja lina, poopa kuberedwa, linatuma malume kuti aperekeze mwana kutauni. Malumewa amatchetcha kapinga kufupi ndi SIRDC, likulu la kafukufuku wa sayansi limene lili pa Alpes Road kuno komwe, choncho nkhani iliyonse ya mawaya pabanjapo imadikira iwo.

"Iyi, mudhara, ili ndi RAM 16," anatero wogulitsa. "Mukawonjezera pang'ono, ndikupatsani ya 32."

"Tisanafike powonjezera, tiyambe tachotsera," anatero malume, akuvala magalasi. "Mabatani apamwambawa, F1 mpaka F12, iwe umawagwiritsa ntchito?"

"Osati kwenikweni, malume."

"Zulani. Muchotsepo teni dola. Nanga nyali zosinthasinthazi pa kiyibodi, ndi za Khirisimasi? Zimitsani, twente dola. Kamera iyinso ichoke, nkhope yake timaidziwa kale."

Wogulitsa anafotokoza mwaulemu kuti sizitheka, zimabwera choncho kuchokera ku fakitale.

"Ndiye fakitale yanuyo inaphunzira kuphatikiza kokha, tsiku la kuchotsera inajomba? Chabwino. Nanga basela?"

Wogulitsa, poona ngati malonda apsa, anatulutsa kansalu koyendetsapo mausi. Malume anakapinda bwinobwino, kukaika m'thumba la jekete, n'kunena kuti zinazo akaganiza kunyumba. Mpaka lero amakhazikapo tiyipoti.

*

Apa ndisiye kaye kuseka, chifukwa ndi pamene ndalama za anthu zimathera. Sitika ya pa laputopu imatchula dzina la GPU, kachipangizo kamene kamajambula zonse zimene ukuona m'gemu, koma sitchula chakudya chimene kakupatsidwa. RTX 4060 ya mu laputopu wopanga angathe kuipatsa mawati 35, angathenso kuipatsa 115, sitika n'kukhala imodzimodzi. Laputopu yopyapyala, yokongola m'maso, nthawi zambiri ndi imene imamanidwa, chifukwa ilibe malo otulutsira kutentha. Ngakhale tate uja, RTX 5090, akalowa mu laputopu si yemwe uja wa mu kompyuta ya padesiki: wa padesiki ali ndi 32GB yakeyake ndipo amadya mawati 575, wa mu laputopu ali ndi 24GB ndipo sapyola mawati 175. Kutsika m'munsi, 5070 ndi 5060 zonse zinatuluka ndi 8GB, pomwe 5070 Ti ili ndi 12GB. Kusiyana kwa zilembo ziwirizo n'kokulirapo kuposa mmene kumaonekera. Funso la "mawati angati?" ndi laulere, koma ndi ochepa amene amalifunsa, ndipo ogulitsa ena ukawafunsa amayamba kukuonetsa nyali za pa kiyibodi.

Asuweni awiri a mumzere umodzi anagula ma 4060, aliyense kwake. Atakhala pansi kupikisana pa gemu ya magalimoto, ya mmodzi inkauluka, ya mnzake inkatsimphina pakona iliyonse. Wotsimphinayo m'mawa mwake anali pakhomo la shopu.

"Achimwene, bwanji yanga ikukwawa pomwe dzina ndi limodzi ndi ya msuweni wanga?"

Wogulitsa sanadzutse ngakhale mutu. "Inu ndi Peter Ndlovu nonse muli ndi miyendo iwiriiwiri. Koma ku Coventry anaitanako mmodzi."

*

Palinso matenda a i7. Bambo wina anamva mwana akutchula i7 usana ndi usiku, ndipo atapeza wina akugulitsa laputopu yochokera ku UK pa madola 150, sitika ya i7 ili mbee, anati Mulungu wayankha. Sanadziwe kuti dzina la i7 lilipo kuyambira 2008, ndipo yake inali ya m'badwo wachinayi, wa 2013. Windows 11 amafuna m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, ndipo Windows 10 eni ake anasiya kumusamalira mwachizolowezi pa 14 Okutobala 2025. Mwana atayesa kuikamo gemu ya mpira, makina anangotentha n'kugona.

Bambo anabwerera. "Munandiuza kuti ndi ya magemu."

"Eetu." Wogulitsa anaiyatsa, kudikira iganize kaye za moyo wake, n'kutsegula Solitaire. "Awa si magemu?"

Bambowo, amene amasunga chuma cha mpingo, anayang'ana makadi aja ali ndandanda. "Ndiye mwandigulitsa njuga?"

"Njuga munaichita kale pogula, bambo. Iyi ndi yongokumbukira."

*

Mwana aliyense amene anapezapo laputopu ya magemu ku Hatcliffe anaipeza ndi mawu amodzi: homuweki. Mayi wina anagulitsa nkhuku zake za nyama makola atatu, kuwonjezera ya chipereganyu, chifukwa anamva kuti sukulu ya masiku ano popanda RTX mwana sakhoza. Loweruka lina analowa kuchipinda n'kupeza utsi pa sikirini, mfuti zikulira, anthu akugwa.

"Phunziro lanji limeneli?"

"Histole, amayi. Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse."

Mayi anakoka mpando. Anakhala mphindi khumi ali chete, manja pachifuwa.

"Iwe ndi uti pamenepa?"

"Uyu wagwayu."

"Uja anagwa poyamba uja?"

"Ndine ndemwe."

"Nanga uja anadziponyera yekha bomba?"

Mwana sanayankhe.

"Ndiye histole ukulephera, nkhondonso ukulephera. Nkhuku zanga zinafera chiyani?"

*

Tsopano magetsi. M'ndege salola batire loposa 100Wh popanda chilolezo, choncho opanga malaputopu amaima pa 99.9Wh ngakhale makina akhale aakulu bwanji. Ukasewera gemu yolemera pa batire lokha, ukafika ola limodzi ndi theka uyamike, ndipo makinawo amadzichepetsa okha mphamvu akangoona kuti chaja chachoka. Chaja cha zikuluzikuluzi, cha mawati 280 kapena 330, munthu ukhoza kutsekera chitseko kuti chisamenyeke ndi mphepo. Ku Las Vegas zonsezi palibe amene zimamusowetsa tulo. Kuno madzi akachepa ku Kariba, monga mu 2019 ndi kumapeto kwa 2022, magetsi amabwera cha m'ma 10 usiku n'kuthawa tambala asanalire.

Choncho laputopu ya magemu imafika pakhomo ngati mkwatibwi wobwera ndi abale ake onse: lero mwalandira iye, mawa kwafika sola, mkuja inveta, kenaka batire lalikulu, ndipo bandulo ya intaneti ndiye mlamu amene sabwerera kwawo. Starlink itafika mu Zimbabwe mu Sepitembala 2024, malo a mu Harare anadzaza anthu ambiri asanamalize n'komwe kufunsa mtengo.

Panyumba ina pali kasola kokwanira filiji, nyali ndi mafoni. Mnyamata atalumikiza chaja chake masana, inveta inalira kawiri n'kukomoka. Mayi ake, amene amagulitsa mafiriziti pageti la sukulu, anatulukira akupukuta m'manja.

"Tandiuza. Pakati pa iwe ndi filiji, amene amabweretsa ndalama pakhomo pano ndani?"

Kuyambira tsiku limenelo mnyamata anasamukira ku shifiti ya usiku, ndipo apa ndi pamene nkhani inakula. Aneba anayamba kuona kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa pepo kukuvina kuseri kwa katani 1 koloko usiku. Kunkamveka mkokomo ngati ndege ikufuna kunyamuka, chifukwa mafani a makinawa akapsa mtima sanong'ona. Kenaka mawu a mwana uja, amene masana amapereka moni atagwira manja awiri:

"Muphe! Ali kuseri kwa khoma! Aaa, ndafa! Ndidzutse msanga, ndidzutse!"

Mayi wa nyumba yoyandikana anawerenga bwinobwino: mwanayo anafa n'kudzukanso kanayi usiku umodzi. M'mawa nkhani inali itafika pamjigo, masana kwa abusa. Usiku wotsatira abusa anafika ndi Baibulo, aneba ali panja pa mpanda atafunda mabulangete.

Mnyamata, poona kolala, anasintha msanga n'kuika FIFA. Gemu imeneyi eni ake anaisintha dzina mu 2023 kukhala EA Sports FC, koma kalata yake ku Hatcliffe sinafike. Abusa anayang'ana kapinga wobiriwira uja nthawi yaitali.

"Tandipatsa Dynamos."

"Mulibe, abusa."

"CAPS United?"

"Mulibenso."

"Ngakhale Bullets ya kumudzi?"

"Ayi, abusa."

"Madola onsewo, mwagula mpira wa eni ake. Bweretsa Arsenal."

Cha m'ma 3 koloko, amene anali panja anamva mawu odziwika bwino, aja a pa guwa Lamulungu: "Penate imeneyo! Refa wadya ndalama!" Mayi uja anagwira pakamwa. "Chiwandachi n'champhamvu. Chalowanso abusa."

Magetsi atathawa m'bandakucha, abusa anatuluka maso ali psuu. Onse anawazungulira.

"Abale, nkhaniyi ndi yaikulu," anatero akukonza kolala. "Siingathe usiku umodzi. Ndibweranso mawa."

*

Makinawa adani ake ndi awiri: fumbi ndi chikondi. Fumbi lofiira la m'misewu ya ku Hatcliffe Extension limalowa m'mafani n'kumanga chisa, ndipo laputopu imene inkathamanga mu Meyi ikafika Okutobala imapuma wefuwefu. Chikondi ndicho choopsa kwambiri. Mdzukulu wina anasiya gemu ikutsitsidwa pa intaneti n'kupita kukatunga madzi. Pobwera anapeza agogo ake aakazi aifunditsa nsalu yoluka ija ya pa wailesi, ngodya zonse atapindira pansi bwinobwino, pamwamba ataikapo maluwa apulasitiki. Makina anali atazima okha ndi kutentha, gemu itafika pa 97 peresenti.

"Agogo, imafuna mpweya!"

"Chinthu chodula chotere chizikhala maliseche pamaso pa alendo?"

Koma mu Juni, kuzizira kwa Harare kutaluma, agogo omwewo anapezeka atasendeza mpando kumbali imene kumatulukira mpweya wotentha, mapazi atawatambasula.

"Tayatsa ya nkhondo ija, mdzukulu wanga. Ya mpira siitentha bwino."

*

Amene alibe nkhuku zogulitsa amadalira achimwene a ku Joni. Wina analonjezedwa laputopu pa foni, mboni zilipo. Mu Epulo amalayitsha anadutsa pa Beitbridge ndi katundu: mafuta ophikira, sopo, ndi mausi. Mu Ogasiti kunabwera chikwama cha laputopu, chatsopano, chopanda kanthu. Pa Disembala achimwene anafika okha atanyamula chaja, pulagi yake ya mano ozungulira ya ku South Africa, pomwe soketi za panyumbapo ndi za mano a makona.

"Achimwene, nanga mwini wake wa zinthu zonsezi afika liti?"

"Mng'ono wanga, wogula mu Disembala ndi chitsiru. Januwale kukutuluka zatsopano, zakalezi zigwa mtengo."

Januwale atafika: "Zatsopano zimakhala ndi matenda. Dikira azungu aziyese kaye."

Kunena zoona, malangizo a achimwenewa kale anali ndi nzeru pang'ono, chifukwa zatsopano zikatuluka zakale zinkatsikadi. Koma chakumapeto kwa 2025 zinthu zinatembenuka. Makampani atatu amene amapanga pafupifupi RAM yonse ya padziko, Samsung, SK Hynix ndi Micron, anapeza kasitomala wolipira bwino: nyumba zikuluzikulu za makompyuta a AI. RAM ya anthu wamba inasowa, mtengo wake unakwera koopsa, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Micron inalengeza kuti ikusiya malonda ake a Crucial, amene ankagulitsa RAM ndi SSD kwa anthu ngati ife. Wodikira uja anapeza kuti chimene ankadikira chakwera basi ina.

Agogo aja a nsapato atafotokozeredwa zimenezi, nkhope yawo inawala koyamba chiyambireni nkhani ya malaputopu.

"Mtengo ukukwera munthu ali pamzere? Ku America? Ehee, afika mu chaka chathu chija cha 2008 tsopano. Auzeni agule shuga ndi mafuta, asunge pansi pa bedi."

Mng'ono uja sanagonje. Anauza achimwene kuti laputopuyo ikufunika msanga chifukwa cha GTA VI. Achimwene anafufuza pa foni n'kupeza kuti kampani ya Rockstar inasuntha tsiku kuchoka mu 2025 kupita mu Meyi 2026, kenaka n'kulisunthanso kufika pa 19 Novembala 2026, ndipo inatchula PlayStation 5 ndi Xbox zokha, kompyuta osaitchula.

"Waona? Ukanagula laputopu ya gemu imene kulibe. Ndakupulumutsa. Bweretsa chikwama chija, mlamu wako akuchifuna."

*

Mmodzi yekha amene ndikumudziwa kuti anagula ndi thukuta lake ndi hwindi wa kombi ya pa msewu wathu, uja amapachikika pachitseko akukuwa "Tauni! Tauni!" Anasunga dola imodziimodzi mu chitini cha penti mpaka zinakwana chikwi, ndipo anapeza ya RTX 4050 ya madola 999.

Pa shopu anamuuza mitengo itatu: wa madola a m'manja, wa EcoCash, ndi wa ZiG, ndalama yathu imene inabadwa mu Epulo 2024. Wa ZiG wogulitsa anautchula akuyang'ana kudenga, ngati akufunsa kaye kumwamba. Hwindi anati iye ndi wa kashi, n'kukhuthula chitini pa kauntala.

Aliyense amene anagwirapo dola ya mu kombi akudziwa mmene imakhalira: yakuda, yofewa, nkhope ya George Washington itatopa ngati nayenso amadzuka 4 koloko. Wogulitsa anavula wotchi n'kuyamba kuwerenga. "Iyi yang'ambika. Iyi yamatidwa ndi selotepi. Iyi sindikudziwa ngati ndi ndalama kapena tsamba la fodya." Hwindi ankasinthitsa ndi zina za m'sokosi. Pofika pa chikwi dzuwa linali litapendeka, ndipo mayi wina amene anagula inki ya pulinta anali atadikira chenji yake mpaka kukhala pansi.

"Yanga dola imodzi," anatero hwindi, atakumbatira katoni.

Wogulitsa anatsegula kabati, kusanthula, n'kutulutsa pepala limodzi la madola awiri. "Chenji yavuta. Inu dola, mayi awa dola. Mukagawane panja."

Hwindi analumpha. "Zimenezo ndiye ayi! Ndikagawana bwanji ndi munthu wosamudziwa? Ine ndachedwa kale!"

Mayi uja anadzuka, kumuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka ku chipewa, n'kulandira pepala lija ndi manja awiri.

"Undidziwa bwino, mwanawe. Si iwe unandikwatitsa ndi mlonda woledzera pa Fourth Street chifukwa cha fifite senti, mvula ikugwa?" Anapinda madola awiri aja n'kuwalowetsa m'kamisolo. "Yako ukaipeza kutsogolo. Sunthira mkati, malo alipo."